Kukoka Ndege ndi Chingwe

Awerengi athu ena adzayesa nthabwala tikanena kuti ku America kuli mpikisano wokoka ndege ndi chingwe, koma nkhaniyi ndi yoona. Pa bwalo la ndege la Dulles, m'chigawo cha Virginia kufupi ndi mzinda wa Washington, mpikisanowu wakhala ukuchitika kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, ndipo amene anauyambitsa ndiwo apolisi a pabwalopo. Gulu lililonse likhala ndi anthu 25. Iwo agwira chingwe chachikulu chomangidwa ku ndege yolemera mapaundi 164,000, ndiko kunena matani oposa 70, naikoka mtunda wa mapazi 12. Gulu lotsiriza msanga ndilo lipambana.

Kodi anthu owerengeka chotere angasunthe bwanji chinthu cholemera motero? Chinsinsi chili m'mawilo. Okokawo sanyamula ndegeyo. Angolimbana ndi kukana kwa matayala pa bwalo losalala, ndipo kukanako ndi kagawo kakang'ono chabe ka kulemera kwake konse. Povuta ndi poyambira. Aliyense wakankhapo galimoto yozima pamsewu adziwa kuti thukuta lichuluka isanasunthe, koma ikangoyamba kuyenda ntchito ipepuka. Chifukwa chake gulu la anthu a misinkhu wamba okoka nthawi imodzi likhoza kuposa ziphona zokoka yense payekha. Ziphona zenizeni ziliko ndithu: m'chaka cha 2009 mbusa wina wa ku Canada, Kevin Fast, anakoka yekha ndege ya asilikali yolemera matani oposa 188 mtunda wa mamita 8.8 pa bwalo la Trenton. Koma ntchito yake ndi yodabwitsa anthu, si imene tikunena pano.

Chimene ife tiyesa chachikulu ndi ichi: ntchito yeniyeni ya mpikisanowu itha chingwe chisanagwiridwe. Gulu sililoledwa kukoka lisanasonkhe ndalama zoikika, motero milungu yambiri olowa mpikisano ayendera abale, mabwenzi ndi anzawo a kuntchito kupempha chithandizo. Ndalamazo zipita ku bungwe la Special Olympics la m'chigawocho, limene likonza masewera a ana ndi akulu a ulumali wa m'maganizo. Bungweli linayambitsidwa ndi mai Eunice Kennedy Shriver, mlongo wake wa Pulezidenti John F. Kennedy, ndipo masewera ake oyamba anachitikira ku Chicago m'chaka cha 1968.

Tsono alipo ena odandaula. Iwo ati, ngati munthu ali ndi mtima wothandiza, bwanji osangopereka mwakachetechete, m'malo mosonkhanitsa khamu ndi kujambulitsa zithunzi? Funsoli si lopepuka, ndipo sitilinyoza. Komatu amene anakulira kumudzi adziwa za dima. Mwini munda afulula mowa, anthu nabwera ndi makasu. Palibe anena kuti olimawo ndi achinyengo popeza anamva fungo la mowa. Chimene tiyang'ana ndi mizere yolimidwa dzuwa likamalowa. Ndegeyo ndiwo mowa wa padima. Munthu amene akadanyalanyaza kalata yopempha ndalama apereka msanga pamene wopemphayo ndi mnzake wa mu ofesi, amene afuna kukamuona akututumuka pachingwe.

Pali phindu linanso losawerengeka ndi ndalama. M'maiko ambiri mwana wa ulumali wotere abisidwa kuseri kwa nyumba, makolo ake nachita manyazi pakati pa anansi. Tsiku la mpikisano dzina la ana otere litchulidwa poyera, pamaso pa khamu, apolisi ndi eni makampani. Nkhani ya manyaziyi si yachilendo kwathu kuno: m'mwezi wa February 2014 boma la Malawi pamodzi ndi bungwe lomweli anachititsa msonkhano wa atsogoleri a mu Africa ku Lilongwe, wokambirana za anthu a ulumali.

Komabe tichenjeze. Chikondwerero chili ndi mtengo wake: mahema, zokuzira mawu, malaya osindikiza ndi zikho za opambana. Ku Dulles makampani monga FedEx abwereketsa ndege zawo, ndipo ichi chichepetsa zolipira; koma pamene palibe chithandizo chotere, zokonzera tsikulo zikhoza kudya gawo lalikulu la zosonkhedwa, osauka natsala ndi makombo. Ndiponso phokoso la tsiku limodzi silisamalira mwana miyezi khumi ndi iwiri. Wothamanga afuna mphunzitsi mlungu ndi mlungu, nsapato, ndi ulendo wopita ku masewera. Motero yense wopemphedwa kuthandiza gulu lokoka ndege, kapena mpikisano wina uliwonse wa mtundu umenewu, ali ndi ufulu wofunsa okonza kuti chaka chatha anasonkhetsa zingati, zingati zinapita pa zokonzera, ndipo zingati zinafikadi kwa othamangawo. Okonza nawonso ayenera kusindikiza chiwerengerocho poyera asanamangenso chingwe ku ndege ina.