Chumuni Chozizira cha ku Mvuma

Mu Epulo 2020, mliri wa Covid-19 utatsekera anthu m'nyumba, dziko linaomba m'manja. A ku Jalandhar, ku India, anaonanso mapiri a Himalaya amene utsi unawabisa kwa zaka zambiri, ndipo makina oyendayenda m'mlengalenga anasonyeza kuti mpweya woipa wa galimoto ndi mafakitale wachepa ku Wuhan ndi ku Milan. Ophunzira ena a m'chigawo chino anangoilandira nyimboyo, nati chilengedwe chikuchira.

Oimba nyimbo imeneyi akaime kaye ku Mvuma, pamsewu wochokera ku Harare kupita ku Masvingo. Kumeneko kuli chumuni chachitali cha mgodi wa Falcon, chomangidwa mu 1913, chimene chinkalavula utsi wa mkuwa wosungunuka. Mgodiwo unatsekedwa mu 1925, ndipo wa Athens, umene unadzatenga malo ake, nawonso unagona. Ku Redcliff ng'anjo za ZISCO zinazima mu 2008. Matauni a migodi a ku Midlands anaona thambo loyera kalekale, mliri usanabwere, ndipo amalidziwa bwino tanthauzo lake: ntchito yatha. Pakati pa olidziwa pali zidzukulu za amuna a ku Nyasaland amene anakumba migodi ya dzikoli, ambiri nabwera nalo fumbi m'mapapo.

Boma la Zimbabwe litalamula kuti anthu abindikire kuyambira pa 30 Marichi 2020, mabasi anaima ndipo msewu unati zii. Koma utsi sunathe, unangosamuka. Banja limene kale linkabalalika masana tsopano linali tsiku lonse pafupi ndi mafuwa, m'dziko limene mu 2019 magetsi ankazima mpaka maola 18 patsiku, nkhuni n'kukhala mpulumutsi. Makina a m'mlengalenga aja saona mayi akutsokomola m'khitchini yamwaye, ngakhale mnyamata wofuna golide m'dzenje lopanda mpweya. Kodi chimene anayeza akatswiriwo ndi mpweya wa yani?

Nkhaniyi si yakale ayi. Ku Manhize, kufupi ndi Mvuma komweko, kampani ya Dinson inayatsa ng'anjo yake yachitsulo mu 2024. Anthu akufuna ntchito, akufunanso kupuma bwino, ndipo palibe chifukwa chowasankhitsa chimodzi. Wophunzira amene anatamanda thambo la mu 2020 ayenera tsopano kufunsa kuti utsi wa ku Manhize akuuyeza ndani, kangati, ndiponso ngati zotsatira zake zikufika kwa okhala m'Chirumhanzu m'chinenero chawo.