Musanamize anthu, galimoto yapamwamba siitchipa

A Mkonzi,

Ndikutsutsa kwamtuwagalu zimene mlembi wanu wa nkhani za galimoto analemba, zoti Range Rover Sport kapena BMW X5 yakale ndi mwayi chifukwa mtengo wake pa intaneti ndi wotsika. Mtengowo ndi nyambo chabe.

Galimotoyo ikatsika sitima ku Dar es Salaam, mulipira woiyendetsa mpaka pa Songwe. Apo a MRA akudikirani, ndipo msonkho wawo umakwera injini ikakhala yaikulu komanso galimoto ikakhala ya zaka zambiri. Mlembi wanu sanatchule zimenezi.

Nanga zokonzetsa? Range Rover Sport imakhala pa timatumba ta mpweya m'malo mwa masipuling'i. Kamodzi kakaphulika pa dzenje la mu M1, mmawa muipeza itagwada pakhomo. Makaniko wa pansi pa mtengo sangaikhudze popanda kompyuta yoyezera vuto. Sipeya muitanitsa ku Johannesburg kapena ku Dubai, ndi ndalama zakunja zimene zikusowazi. Tisaiwale kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo zipangizo zonse zinakwera mtengo. Onjezanipo matayala akuluakulu, inshuwalansi ndi mafuta amene timagonera pa mzere.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wofuna galimoto yotere ayambe wafunsa mitengo ya masipeya, apeze makaniko woidziwa, aone mbiri ya kakonzedwe kake. Ngati sangathe kuisamala chaka chathunthu osakongola, agule Toyota imene zipangizo zake zili mbwee ku Area 2 ndi ku Limbe.

Chonde muzilemba zoona zonse, anthu amaononga ndalama za thukuta lawo potsatira malangizo anu.

Wowerenga wanu,
Lilongwe