Sitampa Yakale Si Chuma Chokwiriridwa

Achinyamata anzathu, ambiri a ife tikaona sitampa yakale timathamangira kufunsa kuti ingagulidwe ndalama zingati. Funso limeneli limatiphonyetsa zambiri. Penny Black, sitampa yoyamba yomata pa kalata, inatuluka ku Britain mu 1840, ndipo anasindikiza zoposa 68 miliyoni; si yosowa konse. Ulemu wake uli apa: kale, kawirikawiri wolandira kalata ndiye ankalipira, kotero kuti mmphawi ankatha kubweza kalata ya mwana wake osaiwerenga. Rowland Hill anati wotumiza azilipiriratu, peni imodzi yokha.

N'chifukwa chake sitigwirizana ndi amene amanyoza osonkhanitsa masitampa a amphaka, monga aja a ku Poland a 1964, ati ngotchipa. Wowasunga amayang'anitsitsa chithunzi, chaka ndi dziko, pamene wonyoza uja akadali kuwerengera mtengo.