Mwana wa foni ndiye wailesi ya pakhomo

Kwa Nsabwe foni ndi ya bambo, koma woigwira ndi mwana. Makolo akaweruka kothyola tiyi, madzulo amafunsa wa Fomu 3 uja kuti, "Kwagwanji kunjaku?" Iye amatsegula WhatsApp n'kuwerenga. Pofika mawa, zimene wawerengazo zili kumjigo ndi kuchigayo.

Titavota pa 16 September 2025, tinadikira mpaka pa 24 kuti MEC ilengeze wopambana. Masiku odikirawo zotsatira zopeka zinali mbwee. Mphwanga anandionetsa chithunzi china chokhala ndi chizindikiro cha MEC, uku akuseka: "Amalume, ichi n'chophika, taonani zilembozi." Ndinanyadira. Ine ndikanachimeza.

Madzulo omwewo kunabwera voice note. Mawu a bambo wachikulire, kalankhulidwe kakwathu konkuno, akuti ali pomwepo ndipo waona ndi maso ake. Dzina sanatchule, malo sanatchule. Mphwanga yemwe uja anaitumiza kumagulu onse amene alimo. Maso a ana athuwa ndi akuthwa, koma khutu likadali la agogo awo: wolankhula ngati mnansi sanama. Khutu lomwelo ndilo linamva za anamapopa mu 2017, mphekesera itachokera ku Mulanje n'kufika kuno ku Thyolo, anthu osalakwa n'kuphedwa.

Ndiye ena amati auzeni ana azidikira mawu a boma. Nzosavuta kunena muli ku Lilongwe. Ife tikukumbukira kuti Bingu wa Mutharika, amene wagona ku Ndata m'boma lathu lomwe lino, anamwalira pa 5 April 2012, koma boma linavomereza pa 7, mphekesera zitanena kale zoona. Tikukumbukiranso 2016, pamene mphekesera zinapha Peter Mutharika ali ku America, iye n'kutsika ndege mu October wamoyo. Mwana amene wakula akumva nkhani ziwirizi simungamuuze kuti "boma lakana" basi nkhani yatha. Chimene ndikanakonda kuti aphunzitsi ndi ife apakhomo timuzoloweze n'kufunsa: wanena ndani, ali kuti, wina wanenanso ndani?

Ndinamufunsadi mphwanga chifukwa chimene sanafufuzire kaye pa masamba a nyuzipepala. Sanayankhe. Anangondionetsa bando yomwe anagula ndi ndalama ya ganyu: ya WhatsApp yokha, yotha mawa lake.