Musagulitse Land Cruiser ya madala pa sikelo

Uthengawu ndi wautali, ndiye khalani kaye pansi. Nkhani yake ndi ya magalimoto akale amene agona kuseri kwa nyumba zina kuno kwathu, ma Land Cruiser, ma Hilux ndi ma Land Rover oti matayala anaphwa kalekale, nkhuku zikuikiramo mazira. Ogula zitsulo zakutha akuzungulira ndi sikelo yawo, ndipo ana a eni magalimotowo akuwadula n'kugulitsa pa kilo ngati chimanga cha mavenda. Kandalama kaja amaonjezera ngongole, n'kuitanitsa kagalimoto konyezimira ka ku Japan. Ine ndikuti kumeneku n'kutaya chuma. Ndipo inu amene mumaseka anyamata owotcherera akamadzutsa magalimotowa, kuwauza kuti akuvutika ndi chiphapha, mukuseka anthu oti akuganiza patali kuposa inuyo.

Tiyambe ndi misewu yathu, poti galimoto siyenda pa chithunzi cha pa foni. Kuchoka pa Boma kupita ku Monkey Bay kapena ku Liwonde pali tala, ndipo pamenepo Sienta kapena Probox imagwira ntchito yake bwino, sinditsutsa. Koma nsomba sizikocheza pa tala. Zimakocheza ku madoko a mchenga kumene msewu ndi mizere iwiri ya matayala basi. Woloka mlatho wa Bakili Muluzi, udutse Malindi ndi Lungwena, ulowere ku Makanjira mvula ili pakati. Mtunda umenewu, pafupifupi makilomita 100, maboma osiyanasiyana akhala akulonjeza kuukonza. Olo atautsiriza mawa, tinjira totsikira ku madoko ndi tokwera kumapiri a ku Namwera ndi Katuli tidzakhala tomwe tija. Tonse tinaona zimene Ana anachita mu January 2022 ndi zimene Freddy anachita mu March 2023 ku misewu ya chigawo chino. Kagalimoto kofupika pansi, kokoka ndi matayala akutsogolo okha, kakagunda mwala ndi m'mimba kamataya oilo pomwepo. Usipa wauwisi sudikira makaniko, ndipo mayi woti matenda amuyamba usiku sadikira kuti matope aume. N'chifukwa chake ambulansi zambiri za m'zipatala zathu ndi Land Cruiser. Mukuganiza kuti ogulawo sadziwa kuti kuli magalimoto okongola?

Ine ntchito yanga ndi ya mainjini a maboti, ndiye ndikufunseni inu ana a asodzi anzanga. N'chifukwa chiyani madala athu amakakamira Yamaha Enduro pa boti la chilimira? Yankho mukulidziwa. Ikazima, umatsegula kabuleta pamchenga pomwepo, kutsuka, kusintha pulagi, madzulo anthu alowa m'madzi. Nzeru yomweyo mumaitaya bwanji mukafika pa galimoto? Toyota inayamba kupanga Land Cruiser 70 mu 1984 ndipo mpaka lero ikupangabe. Injini ya 1HZ, imene inabwera mu 1990, ndi ya dizilo, masilinda 6, malita 4.2, yopanda tebo, pampu yake ya mafuta yoyendera magiya osati kompyuta. Ma Hilux akale a injini ya 2L, 3L ndi 5L nawonso ndi a mtundu womwewo wosavuta. Makaniko wa pa Boma amaimva ndi khutu n'kudziwa pamene pavuta. Pamene kagalimoto kako ka masensa kakayatsa kanyali pa dashibodi, ukasake munthu wa kompyuta, ndipo giyabokosi ya CVT ikafa, ambiri amangoti gula ina. Chikomekome cha mkuyu, aise.

Chachikulu pa magalimoto akalewa ndi chasisi. Ali ndi mafupa awoawo a chitsulo, bodi imangokhala pamwamba yomangidwa ndi mabawuti. Ndiye bodi ikawola, galimoto sinafe. Umachotsa, n'kumanga ina. Land Rover yakale bodi yake yambiri ndi ya aluminiyamu, siichita dzimbiri, chimene chimadyeka ndi chasisi ndi chitsulo cha kutsogolo kwa dalaivala, ndipo zonsezi munthu wodziwa amazigamba. Timagalimoto tating'ono tija bodi ndi mafupa n'chinthu chimodzi. Kakapindika pakati, kapita.

Ena amati kugamba zitsulo ndi umphawi chabe. Anthu amenewa mbiri ya nyanja yawo yomwe saidziwa. Sitima ya Chauncy Maples inapangidwa ku Glasgow, inabwera kuno ili zidutswazidutswa zopitirira 3,000, anthu anasenza pamutu, ndipo inalumikizidwa kwa Mponda konkuno n'kulowa m'madzi mu 1901. Ilala inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabweranso m'zidutswa, inamangidwa ku Monkey Bay n'kuyamba ulendo mu 1951. Mainjini ake asinthidwapo, zitsulo zake zagambidwa kangapo, ndipo yanyamula agogo athu, makolo athu ndi ifeyo. Palibe anatenga sikelo kukaiyeza pa kilo itangokwana zaka 30. Ntchito yosunga chitsulo chakale kuti chizigwirabe ntchito ndi yathu ya m'mbali mwa nyanja muno kuyambira kale, ndipo manyazi ake sindikuwaona.

Taonani zimene mnyamata wa gulayinda ndi makina owotcherera, ena opanga yekha ndi mawaya a kopa, amatha kuchita. Amachotsa bodi yakumbuyo yowola ija n'kumanga yafulati ndi chanelo ndi engo ayoni, pansi kuyala matabwa olimba ngati a boti kapena chitsulo chamadontho, n'kuboola timabowo toti madzi a nsomba ndi ayisi azituluka osadikha pa chitsulo. Amamanga zotchinga m'mbali zoti madengu ndi matumba a usipa asagwe. Amaika chitsulo chotchinjiriza pansi pa injini kuti mwala usaboole sampu. Amapinda paipi n'kukweza polowera mpweya mpaka pa denga, kuti powoloka mtsinje injini isamwe madzi, pajatu dizilo ikamwa madzi imapinda ma koni rodi nthawi yomweyo. Amalumikiza timapaipi pa mabowo opumira a difu n'kutikweza m'mwamba kuti madzi asalowe mu oilo. Zonsezi fakitale ya ku Japan sinakupangire, poti sidziwa doko la Msaka. Ndalama yake yatsala pa Boma, kwa wogulitsa zitsulo, kwa wowotcherera, kwa kamnyamata kophunzira ntchito ndi kwa amayi ogulitsa nsima pafupi ndi galaja.

Ndikudziwa zimene muyankhe. Muti imamwa mafuta, ndipo mafutawo akusowa. Zoona, 1HZ siseka ndi dizilo. Koma werengani mafuta pa dengu lililonse limene lafika pamsika, osati pa kilomita. Katundu amene pikiapu imodzi yanyamula ulendo umodzi, kagalimoto kako kabwerera kangapo, ndipo ulendo wachitatu mashoko atha. Mutinso masipeya ndi odula. Nanga a Sienta amathyola mu mtengo? Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Chilichonse cholowa pa Songwe, Dedza kapena Mwanza chinakwera. Galimoto imene ili kale pakhomo panu msonkho wake unalipiridwa kalekale, sifunanso madola a sitima, sifunanso munthu wokaitenga ku Dar es Salaam. Imafuna mabushi, mabering'i, masilu, ma ring'i ndi ntchito ya manja. Ndipo ife a Mangochi tisanamizane, khomo lililonse lili ndi m'bale ku Joni. M'malo momupempha foni yatsopano ndi nsapato, mupempheni pampu ya mabuleki ndi lamba wa taiming'i. Ku South Africa magalimoto amenewa alipo ambiri, masipeya ake savuta.

Yankho lachitatu ndi limene lili ndi mano. Muti magalimoto ogambagambawa amapha anthu. Apa sindikubisirani, alipo owotcherera ena amene akuipitsa dzina la ntchitoyi, ndipo mawu otsatirawa ndi awo. Akulu, pa bodi imene mwamangayo pakwera amayi a geni ya nsomba, ena ali ndi mwana kumbuyo. Mukamata chitsulo pamwamba pa dzimbiri n'kupaka penti yakuda kuti mwini galimoto asaone, mwakumba manda a munthu amene simumudziwa.

Pali zinthu zoti siziwotchereredwa, zivute zitani. Tai rodi, ndodo zonse za chiwongolero, masipuling'i ndi mapaipi a mabuleki. Chitsulo cha sipuling'i chinaumitsidwa mwapadera ku fakitale, ukachiotcha chimataya mphamvu ija n'kudzathyoka pafupi ndi pamene unawotcha, tsiku loti galimoto yadzaza. Chiwongolero chikaduka potsika mapiri a Chowe palibe dalaivala angachite kanthu. Zimenezi gulani, olo zakale zabwino zochokera pa galimoto ina. Ngati ndalama palibe, galimoto iime kaye.

Chasisi imawotchereredwa, koma mwaulemu. Chotsani kaye mawaya a batire. Palani ndi gulayinda mpaka chitsulo chiwale, muone pamene mng'alu wathera, muboole kabowo kumapeto kwake kuti usapitirire. Semani mng'aluwo ngati V kuti moto ulowe mkati, osangodontheza pamwamba ngati ndowe za nkhuku. Chigamba chikhale chokhuthala mofanana ndi chasisi, chodulidwa ngati dayamondi kapena chozungulira m'makona, chifukwa chigamba cha makona anayi chokhala ndi mzere woima chimangosamutsira mng'alu pambali pake. Ndodo za 6013 ndi zabwino pa mageti ndi mawindo. Pamalo onyamula katundu funani 7018, muzisunge pouma, ndipo ngati makina anu sakuzikoka bwino, pitani kwa mnzanu amene ali ndi makina amphamvu. Pomaliza pakani redi okusaidi musanapake penti, osasiya chitsulo chamaliseche kuno kwa chinyezi.

Kuonjezera masamba a sipuling'i kumapangitsa galimoto kuoneka ngati siikumva katundu, koma mabuleki ndi omwe aja, ma ekiselo ndi omwe aja, matayala ndi omwe aja. Kumanga keriya yaitali n'kusanjikapo matumba mpaka kumwamba ndi kuitana kugubuduzika pa kona yoyamba. Zolemera zikhale pansi, pakati pa matayala. Thanki ya mafuta musaiyandikize moto chifukwa choti mwaikhuthula, mpweya wotsalira mkatimo ndi umene umaphulika. Paipi ya galuvanaizi ikamapsa imatulutsa utsi woyera wodwalitsa, palani kaye ndipo gwirirani panja. Ndipo magalasi a dzuwa a pa msika si chotchingira maso cha wowotcherera. Amene anagonapo usiku maso akuwawa ngati muli mchenga akudziwa zimene ndikunena.

Nambala ya chasisi musaidule kapena kuikwirira ndi chigamba, chifukwa tsiku lokatenga COF kapena pa rodibuloko mudzaoneka ngati mwaba galimoto ya bambo anu omwe. Mukasintha injini, pitani ku Road Traffic mapepala agwirizane ndi zimene zili pa galimotoyo. COF yogula pakhomo lakumbuyo siimitsa galimoto pamtsetse. Ikayezedwe zenizeni, ikalephera mubwerere ku galaja. Kumeneko ndiye kutseka pakamwa anthu otiseka aja.

Tsono inu amene muli ndi galimoto yotere pakhomo, musanaitane wa sikelo chitani izi. Itanani makaniko ndi wowotcherera amene ntchito yake munaionapo ikuyenda pamsewu. Agogode chasisi yonse ndi hamala, makamaka pamene pamangidwa masipuling'i ndi pamwamba pa matayala akumbuyo pamene matope amakhala. Ayese ngati injini ikutembenuka ndi sipanala. Funani bulu buku, mukambirane pabanja kuti galimotoyo ili m'dzina la ndani, nkhani za chuma cha masiye zisadzakupezeni mutathira kale ndalama. Ngati chasisi yadyeka paliponse moti hamala ikulowa, chabwino, imeneyo yatha, komabe musagulitse pa kilo. Giyabokosi, ma difu, ma ekiselo ndi pampu ya dizilo zidzadzutsa galimoto ya mnzanu, ndipo mtengo wake suyezedwa pa sikelo. Ngati mafupa ali bwino, yambani ndi mabuleki ndi chiwongolero, kenako injini, kenako bodi. Penti ndi ma sipika zibwere kumapeto.

Simungathe nokha, gwirizanani anthu atatu kapena anayi monga timachitira pa boti ndi ukonde, mulembe pa pepala kuti wina waika zingati ndipo phindu muzigawana bwanji. Mafana amene mwamaliza Form 4 mukungokhala pa depoti, kapempheni malo pa galaja pamene akumanga galimoto yotere, kapena funsani za maphunziro a TEVETA a kuwotcherera. Luso limeneli lidzakudyetsani pa magalimoto, pa maboti, pa ngolo ndi pa zigayo.

Tumizani uthengawu kwa aliyense amene kwawo kuli Land Cruiser yogona pa mawe, makamaka achimwene athu a ku Joni amene amatumiza ndalama. Wa sikelo akabwera, mugulitseni mabeseni obooka ndi mafelemu a njinga, galimoto ya madala aisiye pomwepo.