Gule wa Makolo ndi Ana Amene Anapita Kutali

Munthu akakwera mapiri a ku Nsambe, m'boma la Neno, anthu atatha kukolola, amapeza m'midzi muli agogo ndi tiana tambiri. Anyamata ndi atsikana ambiri akamaliza Folomu 4 amatsika kukafuna ntchito ku Blantyre, ku Lilongwe, ena mpaka ku Joni. Izi sizachilendo, pakuti ndi njira imene agogo awo anayendamo masiku a Wenela. Koma funso limene akuluakulu akudzifunsa ndi ili: kodi akadzatha amene amadziwa kuvina ngoma ya Angoni, adzanyamula chishango ndani?

Dziko la Japan linakumana ndi funso lomweli. Chaka chilichonse, m'madera ambiri pakati pa 13 ndi 16 Ogasiti, anthu a kumeneko amachita mwambo wa Obon, pokhulupirira kuti mizimu ya makolo imabwera kudzacheza ndi abale awo. Makampani ambiri amapereka tchuthi, sitima zimadzaza ndi anthu obwerera kwawo, manda amalambulidwa, ndipo usiku anthu amavina gule wa Bon Odori mozungulira nsanja ya oimba ng'oma. Ku Gujo amavina usiku woposa 30, ndipo masiku anayi amavina mpaka kucha. Mu 2022 bungwe la UNESCO linalemba magule 41 a mtundu umenewu m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse, monga linachitira ndi Gule Wamkulu mu 2008.

Komatu ulemu wa UNESCO sunathe kusunga midzi. Pafupifupi anthu atatu mwa khumi alionse ku Japan ali ndi zaka zopitirira 65, ndipo midzi ina ya kumapiri inasiya kuvina chifukwa chosowa achinyamata. Kumene gule akadalipo, ndi kumene ana a m'tauni amadziwa tsiku lobwerera kwawo, ndiponso kumene tiana timaphunzira masitepe tisanachoke pamudzi.

Kuno miyambo ikuluikulu ilipo ndithu. Angoni a Maseko amasonkhana pa Umhlangano ku Nkolimbo, m'boma la Ntcheu, pansi pa Inkosi ya Makhosi Gomani V, kukumbukira Gomani Chikuse amene anaphedwa ndi asilikali a Angerezi mu 1896. Achewa amapita ku Kulamba ku Mkaika, m'dziko la Zambia, mwambo umene atsamunda analetsa mu 1934 ndipo unayambiranso mu 1984. Mbiri ya Kulamba ikusonyeza kuti mwambo ukhoza kugona zaka makumi asanu nkudzukanso, malinga ngati okumbukira nyimbo zake akadali moyo.

Apa ndi pamene pali vuto. Mwambo wa pachaka umasonkhanitsa makamu, nduna ndi atolankhani kwa tsiku limodzi, koma sumaphunzitsa mwana kuvina. Gule amaphunziridwa pabwalo la kumudzi, pa chikumbutso cha maliro ndi pa chikondwerero cha zokolola. Bwalo la kumudzi likazizira, ovina a ku Nkolimbo adzakhala okalamba okhaokha.

Choncho mudzi ngati Nsambe sukusowa ndalama zambiri ayi, koma tsiku lodziwika. Mafumu atagwirizana tsiku limodzi m'tchuthi chachikulu cha sukulu loti abale azilambula manda ndi kuvina pamodzi, wogwira ntchito ku Limbe angapemphe tchuthi nthawi ikadalipo, ndipo wa ku Joni angakonzekere ulendo. Aphunzitsi nawonso ali ndi gawo lawo: kuitanira agogo odziwa ngoma kusukulu, ndi kulemba m'kope mawu a nyimbo zawo, popeza Chingoni chenicheni chatsala pakamwa pa anthu ochepa.

Wophunzira amene akulongedza katundu wake chaka chino ali ndi ufulu wopita kukafuna moyo. Chimene mudzi ungamupatse asananyamuke ndi nyimbo imene adzaikumbukira ndi tsiku limene abale ake adzamuyembekezera pabwalo.