Boma Lisakhale Tenanti pa Makompyuta Ake

Kumayambiriro kwa chaka cha 2024, ntchito yosindikiza mapasipoti m'dziko muno inaima kwa masabata angapo. Odwala ofuna chithandizo kunja, ophunzira amene anapeza malo m'mayunivesite a maiko ena, amalonda ndi achinyamata opita ku Joni, onse anangokhala chodikira. Mu February, mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu ena analowerera makina a nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko, ndipo akufuna dipo, koma boma silipereka. Ena ankati gwero la vutoli linali mkangano wa pakati pa boma ndi kampani imene inakhazikitsa makinawo, yomwe mgwirizano wake unathetsedwa mu December 2021. Kaya chilungamo chinali mbali iti, chimene tonse tinaona n'chakuti boma linavutika kutsegula nyumba imene linamanga ndi ndalama za misonkho yathu.

Ife tikuti nthawi yakwana yoti boma, kuyambira ku Capital Hill mpaka kumakhonsolo, liziyamba laganizira mapulogalamu a pakompyuta otseguka, amene pa Chingerezi amati open source, lisanagule otsekeka.

Kusiyana kwake n'kotani? Pulogalamu iliyonse imakhala ndi malangizo olembedwa amene amaiuza zochita, ndipo akatswiri amawatcha source code. Pa pulogalamu yotsekeka, monga Windows kapena Microsoft Office, malangizowo amakhala chinsinsi cha kampani, ndipo wogula amangolipira chilolezo choigwiritsa ntchito. Pa pulogalamu yotseguka, monga Linux, LibreOffice kapena Firefox, aliyense ali ndi ufulu wowerenga malangizowo, kuwasintha ndi kugawira ena. Zili ngati njinga ziwiri: ina mutha kupita nayo kwa mmisiri aliyense pa msika wa Santhe kapena Chatoloma, ina yomangidwa ndi maloko, yoti ikawonongeka woikonza ndi wogulitsa yekha, pa mtengo umene iye wakonda.

Mpingo wathu sulimbikitsa fodya, komabe ife a ku Kasungu tinakulira pakati pa minda ndi zigafa zake, ndipo moyo wa tenanti tikuudziwa. Tenanti amalima, kufuya ndi kusankha fodya chaka chonse, koma munda si wake, chakudya amatenga pa ngongole, ndipo mtengo amadula ndi mwini esiteti. Akafuna kuchoka, ngongole imamugwira mwendo. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito n'kuletsa utenanti. N'zodabwitsa kuti boma lomwelo likadali tenanti pa makompyuta ake. Mayina a nzika, malipiro a aphunzitsi ndi mbiri ya odwala zikasungidwa m'pulogalamu imene kampani imodzi yokha ingaitsegule, boma silingasinthe kampaniyo popanda kutaya zambiri. Ndipo wogulitsa akadziwa kuti simungachoke, samatsitsa mtengo.

Pali nkhani ya ndalama zakunja. Malayisensi a mapulogalamu otsekeka amagulidwa ndi madola, ndipo ambiri masiku ano amalipiridwa chaka ndi chaka. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, layisensi yomweyo inayamba kudya makwacha ochuluka popanda chowonjezera chilichonse. Madola amene alimi amabweretsa ku okushoni ya Chinkhoma ndi omwewo amene dziko likuwafuna pogula mafuta, feteleza ndi mankhwala. Ndalama ikalipiridwa kwa katswiri wa ku Lilongwe kapena Mzuzu wosamalira pulogalamu yotseguka, imazungulira konkuno.

Ife ophunzira zauphunzitsi nkhaniyi ikutikhudza mwapadera. Makompyuta ambiri amene ali m'masukulu a sekondale, makamaka ma CDSS, ndi akale, olandira kwa abwenzi akufuna kwabwino. Kampani ya Microsoft inaika pa 14 October 2025 kukhala tsiku losiya kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse, ndipo Windows 11 imakana kulowa m'makompyuta ambiri akale. Kodi mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya ku Chulu kapena Simlemba, amene akusowa ngakhale choko, agula makompyuta atsopano? Komatu makompyuta omwewo amayenda bwino ndi mitundu yopepuka ya Linux. Palinso mapulogalamu otseguka monga Kiwix ndi Kolibri, amene amalola ophunzira kuwerenga Wikipedia ndi maphunziro ena popanda intaneti. Kwa sukulu imene ilibe ndalama ya bandulo, limeneli ndi laibulale yathunthu.

Wina anganene kuti izi ndi maloto a ana asukulu. Ayi, zikuchitika kale kuno kwathu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pachipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe panayamba ntchito yolembera odwala pa makompyuta ongogunda ndi chala. Ntchitoyi inakula n'kukhala bungwe la Baobab Health Trust, ndipo pulogalamu yake yotseguka, imene akatswiri a ku Malawi analemba ndi kusamalira, inafalikira kuzipatala zambiri zopereka mankhwala a ma ARV. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa malipoti a zipatala za m'maboma onse, kuphatikizapo Kasungu, kudzera mu DHIS2, pulogalamu yotseguka yochokera ku yunivesite ya Oslo ku Norway, imene maiko ochuluka a mu Africa ndi Asia amagwiritsa ntchito. Pa kalondolondo wa mankhwala, undunawu unatenganso OpenLMIS. Ngati miyoyo ya odwala taiika m'manja mwa mapulogalamu otere, chikutiletsa n'chiyani kulembera kalata ya kukhonsolo pa LibreOffice?

Kunja nako zitsanzo zilipo. Boma la chigawo cha Kerala ku India, komwe kuli anthu ambiri kuposa Malawi, linasamutsira masukulu ake ku Linux m'zaka za m'ma 2000, ndipo linayamba ndi kuphunzitsa aphunzitsi. Mu 2024, chigawo cha Schleswig-Holstein ku Germany chinalengeza kuti makompyuta a boma pafupifupi 30,000 asamukira ku LibreOffice ndi Linux, pofuna kuti zinsinsi za nzika zikhale m'manja mwa boma lenilenilo.

Tisabise zovuta zake. Pulogalamu yotseguka ilibe mtengo wa layisensi, koma imafuna anthu odziwa kuiika, kuikonza ndi kuphunzitsa ena, ndipo anthuwo amalipidwa. Mzinda wa Munich unasamutsa makompyuta pafupifupi 15,000 kupita ku Linux, koma mu 2017 makhansala anavota kuti abwerere ku Windows, mwa zina chifukwa cha madandaulo a ogwira ntchito komanso kusintha kwa ndale. Nduna za boma la South Africa zinavomereza ndondomeko ya mapulogalamu otseguka mu 2007, koma maofesi ambiri sanasinthe. Tikuphunzirapo kuti pepala la ndondomeko lopanda bajeti ya maphunziro limangodyedwa ndi chiswe m'kabati. Komanso pulogalamu yotseguka siisintha mtima wa wakuba. Pa Cashgate mu 2013, mabiliyoni a kwacha anabedwa kudzera mu IFMIS chifukwa anthu a m'kati ankalowetsa malipiro abodza n'kufufuta mapazi awo. Chimene kutseguka kumapereka n'chakuti ofufuza oima paokha atha kuona momwe pulogalamu imagwirira ntchito, m'malo mongokhulupirira mawu a wogulitsa.

Kwa ife a Sabata palinso mbali ya chikumbumtima. Si chinsinsi kuti makompyuta ambiri ogulitsidwa m'misika ya m'tauni amabwera ndi Windows ndi Office zopanda layisensi. Timaphunzitsa ana lamulo lachisanu ndi chitatu pa Sukulu ya Sabata. Kodi Lolemba tiwakhazike pa kompyuta ya pulogalamu yobedwa, pamene ilipo ina imene eni ake anailemba n'cholinga choti igawidwe? Ukapitawo sumathera pa chakhumi ndi zopereka, umafikanso pa kasamalidwe ka ndalama za sukulu ndi za dziko. Ngakhale dzina la Ubuntu, mtundu wa Linux umene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anayambitsa mu 2004, ndi mawu omwe aja timati umunthu.

Nanga boma tingalikope bwanji? Tisapite ndi mkwiyo, tipite ndi zopempha zomveka. Choyamba, pulogalamu iliyonse yolembedwa ndi ndalama za boma, source code yake ndi zonse zosungidwamo zikhale za boma, ndipo bungwe la PPDA liike zimenezi m'malamulo ogulira katundu. Chachiwiri, zikalata za boma zizisungidwa m'njira yoti pulogalamu iliyonse ingatsegule, monga OpenDocument. Chachitatu, a Malawi Institute of Education ndi a MANEB aonetsetse kuti phunziro la Computer Studies likuyesa luso lolemba, kuwerengera ndi kusanja zinthu pa kompyuta, osati kuloweza mabatani a kampani imodzi. Chachinayi, ndalama zopulumutsidwa pa malayisensi zipite ku maphunziro a aphunzitsi ndi amisiri a m'maboma.

Koma akuluakulu a boma amakhulupirira chimene aona. N'chifukwa chake tiyambe ndi ife eni. Mpingo uli ndi masukulu ake, ndipo sufunika chilolezo cha nduna kuti uyese Linux m'chipinda chimodzi cha makompyuta. Tipemphe akuluakulu a koleji atilole kutero kwa temu imodzi, tilembe ndalama zimene zalowa, makompyuta akale amene adzuka, ndi zovuta zimene takumana nazo, osabisa kanthu. Tikapita kokaphunzitsa moyeserera, tinyamule Kiwix pa fulashi. Kenako titenge zotsatirazo kupita nazo kwa a DEM, kwa khansala ndi kwa phungu wa dera lathu, amene amavomereza bajeti. Inu makolo ndi akulu ampingo amene muli m'makomiti a sukulu, mukamva zogula makompyuta, funsani kuti layisensi yake ndi ndalama zingati pa chaka, ndipo ikatha alipira ndani.

Posachedwapa ambiri a ife tidzaima kutsogolo kwa makalasi. Ana amene tidzawaphunzitse ndi amene adzayendetse makina a mapasipoti, zipatala ndi misonkho. Tiwaphunzitse kutsegula pulogalamu, kuimvetsa ndi kuikonza, kuti tsiku lina makina a boma akadzaima, wowadzutsa adzapezeke konkuno.